Momwe mungasandutsire pulinta ya 3D kukhala bioprinter muli ku Chipata konkuno

Aliyense wolowa m'chipinda changa chogwirira ntchito amafunsa za makina ali pa tebulo, aja ooneka ngati pulinta ya 3D (makina oumba zinthu poyala pulasitiki yosungunuka mzere pamwamba pa unzake) koma olavula phala lofewa kudzera m'singano. Dzina lake ndi bioprinter. M'malabu akuluakulu amasakaniza maselo amoyo m'phalalo n'kuliyala mzere pamwamba pa unzake, mpaka kutuluka kachidutswa ka mnofu koti ofufuza ayeserepo mankhwala. Makina ogula kukampani amadya madola masauzande ambiri. Koma gulu la Adam Feinberg ku Carnegie Mellon University, mumzinda wa Pittsburgh, linaika mapulani ake poyera, ndipo mu 2018 linasonyeza kuti munthu angadzipangire ndi ndalama zosafika madola 500. Njira yawoyo ndi imene ndinatsata.

Ndinene msanga kuti anga sanasindikizepo selo lamoyo. Ndimasindikiza phala lopanda maselo, lothira utoto wa chakudya. Koma dzanja limaphunzirira pomwepa, ndipo ndikufuna kuti ana athu a sayansi kuno kum'mawa aziwagwira makinawa ndi manja awo, asamangowaona pa foni.

Poyamba pezani pulinta. Yanga ndi Ender 3 ya Creality, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo inabwera pa basi kuchokera ku Lusaka. Mukamagula yakale, wogulitsayo akutumizireni vidiyo ikusindikiza tsiku lomwelo. Woyamba amene ndinakambirana naye ankangotumiza zithunzi, n'kumakakamira kuti ndalama zitsogole. Ndinamusiya. Komanso musaiwale kuti Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, mukangodutsa pa Mwami mwatsala pang'ono, ndiye funsani mitengo mbali zonse.

Sakani pa intaneti mawu akuti Replistruder. Ichi ndi chipangizo chogwira sirinji n'kumakankha mpini wake pang'onopang'ono. Sindikizani zidutswa zake zonse ndi pulasitiki musanamasule kanthu pa pulinta, ziwiriziwiri ngati pulasitiki ilipo, chifukwa mukachotsa mutu wotentha umene umasungunula pulasitiki simudzathanso kupanga china chikathyoka. Mota ya NEMA 17 imene inkakankha pulasitiki ndi yomweyo mugwiritse ntchito. Chogula ndi chitsulo chamazinga ndi nati yake, sirinji ya mamililita 10, ndi singano zosasongoka za geji 22 (nambala yosonyeza kunenepa kwa singano). Mangani zonse pamalo pamene panali mutu.

Waya wa thermistor, kachipangizo koyeza kutentha kwa mutu, musauzule. Mukatero makina amaona ngati awonongeka ndipo amakana kuyenda. Ingoumangirirani pambali ndi tepi. Pulogalamu ya Marlin, imene imayendetsa pulinta, imaletsanso mota kukankha ngati mutu sunafike madigiri 170, choncho kumayambiriro kwa G-code, fayilo ya malamulo amene pulinta imatsata, lembani M302 P1 kuti muchotse chiletsocho, ndipo mu Cura, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera fayiloyo, kutentha konse kukhale ziro, fani yozimitsa. Pamene pamalembedwa kukula kwa filament, ulusi wa pulasitiki uja, lembanipo kukula kwa m'kati mwa sirinji yanu, muyeze nokha. Kenako uzani mota ikankhe mamilimita 10, yezani pamene mpini wafika, konzani nambala ya masitepe a mota ndi lamulo la M92 E, isungeni ndi la M500.

Inki yake ndi sodium alginate, ufa wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere. Magalamu 2 mpaka 4 m'madzi mamililita 100, mutakase bwino, mugoneke usiku wonse kuti thovu lithe. Apa chenjerani. Wina anandigulitsa paketi yolembedwa alginate, kunena kuti ndi yomweyo, pamene inali ija madokotala a mano amadindira nayo nkhama. Imeneyo ili kale ndi calcium ndi zina, ndiye mukangothira madzi imauma m'mphindi zochepa. Inaumira m'sirinji momwemo. Funsani ya food grade yopanda chosakaniza, ndipo kapaketi kakang'ono kamakhalitsa, musalole kukugulitsani kilo.

Tsopano pamene panandivuta kwa milungu itatu.

Alginate ndi wofewa kwambiri. Mukamuyala pa mbale amangophwasuka ngati phala la mwana. Njira imene gulu la Feinberg lija linafalitsa mu 2015, yotchedwa FRESH, ndi yosindikiza m'kati mwa phala lina la jelatini (ufa uja wopangira jeli) wopera. Phalali likakhala phee limagwira chinthu ngati lolimba, koma singano ikamadutsa limapatuka n'kutsekanso kumbuyo kwake. M'phalamo muli calcium chloride, mtundu wa mchere umene umalimbitsa alginate akangotuluka kusingano.

Kapangidwe kake nkosavuta kukamba. Sungunulani calcium chloride pafupifupi galamu 1.2 mu lita imodzi ya madzi. Tengani mamililita 150 a madziwo, atenthetseni pang'ono, sungunulanimo jelatini, magalamu 4.5 pa mamililita 100 alionse. Thirani m'botolo, ligone m'filiji usiku wonse. M'mawa dzazani botololo ndi madzi a calcium aja ozizira, perani ndi blender kwa mphindi ziwiri, zungulitsani mu centrifuge (makina a mu labu ozungulitsa machubu mwaliwiro kuti zolemera zikhale pansi), tayani madzi a pamwamba, bwerezani mpaka thovu litatha. Chotsala pansi ndilo phala lanu.

Ine ndinayamba mu Okutobala. Inu a kuno mukudziwa dzuwa la mwezi umenewo, mapiri otizungulirawa akamaoneka ngati ali mu utsi. Ndinapera masana, ndipo chimene chinatuluka ndi msuzi. Ndinasindikizamo choncho, ulusi wa alginate n'kumangoyandama ngati nyongolotsi. Ndinaganiza kuti jelatini ndi wachabe, ndikagula wina. Chimodzimodzi. Ndinachepetsa madzi, ndinasintha singano, ndinamasula chipangizo chonse n'kumanganso, mtima ukuwawa chifukwa ndalama zinali zitapita kale. Tsiku lina ndinangoviika thermometer m'botolo nditangotha kupera. Linali litapitirira madigiri 30. Jelatini amayamba kusungunuka chapomwepo. Malaiti anali atapita usiku, filiji sinazizire mokwanira, chipinda chinali ng'anjo, ndiponso blender payokha imatenthetsa chimene ikupera. Tizidutswa timene timayenera kugwira ulusi tinali titasungunuka ndisanayambe n'komwe. Amene analemba njirayi amagwira ntchito m'zipinda zozizira nthawi zonse, ndiye vutoli kwa iwo ndi laling'ono. Kwa ife ndilo lalikulu kuposa onse.

Mmene ndimachitira tsopano ndi motere. Ndimaumitsa mabotolo a madzi malaiti akakhalapo, n'kuwaika mu cooler box pamodzi ndi botolo la jelatini, madzi a calcium, ngakhale jagi ya blender ndi mpeni wake. Ndimadzuka tambala woyamba, cha m'ma 4 koloko. Ndimapera masekondi 20, kubwezera jagi mu ayezi, kuperanso, mpaka mphindi ziwiri zija zitakwana. Centrifuge ndimapempha kwa mnzanga wa mu labu, ndipo machubu amapita ndi kubwera ali mu ayezi. Kungolisiya phala m'filiji kuti lidikhe lokha ndinayesapo, limatuluka lamadzimadzi, ndi njira ya pamavuto basi. Muyeso wanga ndi uwu: pendeketsani kambale. Phala likayenda, silinakonzeke. Likakhala pomwepo koma chotokosera m'mano n'kudutsamo mosavuta, mzere wake n'kutsekeka, mwapeza. Ngati mungathe kudikira, yambani mu Juni kapena Julayi. Nyengo yozizira imakugwirirani theka la ntchito.

Zotsalazo n'zachangu. Thirani phala m'kambale, kamatireni pa bedi la pulinta ndi tepi, tsitsani singano ndi dzanja mpaka itatsala pang'ono kukhudza pansi, lembani G92 X0 Y0 Z0 kuti makina atenge pamenepo ngati poyambira, ndipo chotsani G28, lamulo lobwezera mutu kungodya, mu fayilo kuti singano isakagunde m'mphepete. Liwiro likhale mamilimita 5 mpaka 10 pa sekondi. Yambani ndi kachubu kafupi, zosindikiza khutu ndi mtima zidikire. Mukatha dikirani mphindi 20, kenako ikani kambaleko m'madzi ofunda a madigiri 37. Jelatini asungunuka, kachubu kanu katsala. Katoleni ndi supuni.

Za maselo amoyo ndi ntchito ya labu yeniyeni: kabati yosalowa tizilombo, incubator (bokosi lofunda losungiramo maselo) ya madigiri 37 ndi mpweya wa CO2 wa 5 peresenti, malaiti osazima, inki yosefedwa, ndi chilolezo. Kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia muno amayang'aniridwa ndi National Health Research Authority, ndiye yambirani kumeneko musanakhudze selo la munthu. Singano muzitsuka ndi madzi opanda calcium mukangomaliza, apo ayi mawa mudzaipeza yatsekeka.