Lekani kusakaniza masamba onunkhira m'thumba limodzi

Mvula itangoleka chaka chino, matumba a masamba a basil ochokera m'makalabu a m'dera langa abwezedwa ndi wogula, ndipo mlandu wake ndi umodzi: mwasakaniza. Masamba amene munawavutikira kudimba mwawaphatikiza ndi mpungabwe wothyola m'mbali mwa munda, ena mwathiramonso chanzi, kuti thumba lidzaze msanga ndipo lilemere pasikelo. Kulikonse kumene ndafunsa yankho n'lofanana: "Zonsezi n'zonunkhira alangizi, adziwa bwanji?" Wogulayo sanavutike n'komwe. Anamasula thumba, n'kutikita tsamba limodzi ndi zala, n'kununkhiza, n'kulimanganso.

Alimi anzanga, munthu wogula basil, rosemary kapena mint amalipira mafuta amene ali m'tsambamo. Mukayang'ana tsamba la basil padzuwa, makamaka kunsi kwake, muona timadontho ting'onoting'ono tonyezimira. Timeneto ndi timatumba ta mafuta, ndipo mukatikita tsamba mumatiphulitsa, n'chifukwa chake fungo limatsalira kuzala. M'mafutawo muli mankhwala ambirimbiri osakanikirana, koma awiri kapena atatu ndi amene amalamulira fungo ndi kakomedwe. Basil wa m'khitchini, amene mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafuna, amatsogozedwa ndi linalool, wa fungo lozizira la maluwa, pamodzi ndi eugenol, uja mumamumva kuchipatala cha mano. Mpungabwe wa kutchire nthawi zambiri umadza ndi camphor, fungo la mafuta aja timapaka pachifuwa mwana akagwidwa chimfine. Wina umanunkhira mandimu chifukwa cha citral. Tsono ganizirani wophika wathira masamba anuwo m'ndiwo za alendo, ndiwozo n'kumamveka mankhwala a chimfine. Adzabweranso kwa inu?

Amene mwayamba kutcheza mafuta ndiye mwaluza koposa. Ntchitoyi imayenda monga mmene amatchezera kachasu: nthunzi imadutsa m'masamba, n'kunyamula mafuta, n'kukazizira m'paipi, mafuta n'kuyandama pamwamba pa madzi. Pa makilogalamu 100 a masamba aawisi a basil simupeza ngakhale kilogalamu 1 ya mafuta. Werengani nkhuni zimene zapsa, madzi amene atungidwa, ndi tsiku lathunthu la anthu oyang'anira moto. Camphor akalowa m'botolomo palibe nsalu kapena sefa imene ingamuchotse. Ogula mafuta amawayeza ndi makina a gas chromatography, amene amaonetsa mankhwala aliwonse ndi kuchuluka kwake, moti mpungabwe wodzaza manja awiri umaonekera poyera papepala. Chopweteka n'chakuti katundu wa kalabu amaphatikizidwa. Munthu mmodzi akathira zakutchire, amene anasankha bwino masamba awo nawonso amabwerera chimanjamanja, ndipo ndaona anthu apachibale atasiya kulankhulana chifukwa cha thumba limodzi.

Zomera zimenezi zili m'banja limene akatswiri amalitcha Lamiaceae, la mitundu pafupifupi 7,000. Mudzazizindikira ndi tsinde la ngodya zinayi mukalipotokola pakati pa zala, masamba omera awiriawiri moyang'anizana, ndi duwa looneka ngati lili ndi milomo iwiri. Basil, mpungabwe, mint, thyme, lavender ndi rosemary zonse ndi za m'menemo. Chanzi, amene ndi Lippia javanica, sali m'banjali n'komwe. Iye ndi wa banja la Verbenaceae, limodzi ndi Lantana camara, chitsamba chija chimadwalitsa ng'ombe zikachidya, ndipo maluwa a chanzi ndi timitu tozungulira tothithikana. Chanzi ali ndi ntchito zake ndipo makolo athu amazidziwa, koma m'thumba la basil ndi chinyalala.

Ndipo kudziwa banja kokha sikukwana. Ngakhale chomera cha dzina limodzi chimatha kutulutsa mafuta osiyana malinga ndi mbewu yake ndi kumene chinachokera. Rosemary ndiye chitsanzo chabwino. Kwa zaka zambiri ankalembedwa kuti Rosmarinus officinalis, mpaka mu 2017 pamene akatswiri, atafufuza DNA yake, anamusamutsira m'gulu la Salvia, ndipo tsopano ndi Salvia rosmarinus. Chitsamba n'chomwecho, koma pamsika wa mafuta amachigawa. Wa ku Morocco ndi ku Tunisia amakhala ndi cineole, fungo lija la bulugama, pakati pa 38 ndi 55 pa 100 iliyonse. Wa ku Spain cineole wake amangofika pakati pa 16 ndi 25, pamene camphor amakwera kufika pa 13 mpaka 21. Wa pachilumba cha Corsica amadziwika ndi mankhwala ena otchedwa verbenone. Wopanga sopo kapena mankhwala akaitanitsa mtundu umodzi safuna winawo, ngakhale onse atchedwe rosemary. Ngati ogula amasiyanitsa chotere zitsamba za dzina limodzi, inu mukuganiza kuti basil ndi mpungabwe angazilandire pamodzi?

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mbewu, chifukwa kusakaniza kwina kukuchitika musanafike n'komwe pa thumba. Mpungabwe ndi wa gulu la Ocimum, mbale weniweni wa basil, ndipo wofala kwambiri kuno ndi Ocimum americanum. Njuchi sizisankha. Zimachoka pa duwa la mpungabwe wa pamzere wa malire n'kutera pa duwa la basil wanu, ndipo awiriwa amaberekana. Basil wa fungo la mandimu amene akatswiri amamutcha Ocimum × africanum anachokera m'kukwatirana kwa mitundu iwiri yomweyi. Inu mumapulula njere pa basil amene wamera moyandikana ndi tchire, n'kuzimanga pakansalu, chaka chamawa n'kufesa. Zomera zimatuluka zina masamba aang'ono, zina zaubweya, zina fungo lachilendo, ndipo mumati nthaka yatopa. Nkhani ya kusunga mbewu mwachisawawa tinaikamba pa chimanga mpaka mawu kusasa, ndipo ndatopa kumva kuti "takhala tikuchita chonchi kuyambira kale." Kale simunkagulitsa kwa munthu wokhala ndi makina oyezera. Enanso mwagula timapaketi tolembedwa kuti njere za peppermint, mtundu wina wa mint. Peppermint weniweni, Mentha × piperita, ndi wosabereka, amafalitsidwa ndi nthambi kapena mphukira zoyanga pansi basi. Chimene chimamera ku njere zoterozo kawirikawiri chimakhala cha fungo la carvone, la mint wina wotchedwa spearmint, chopanda menthol, mankhwala aja ozizira m'kamwa amene wogula akufuna.

Mayi wina wachikulire wa m'kalabu ina anandiimitsa ndili pakati pofotokoza zimenezi. Anati, "Alangizi, mwana wanga, mpungabwe umenewu ine sindizula. Madzulo ndimauika pamakala, udzudzu n'kuthawa. Amayi anga ankaupachika pakhomo. Lero mukuti ndi udzu?" Ananditengera kuseri kwa khitchini kumene anausiya dala, wobiriwira bwino, njuchi zili ng'waa pamaluwa, ndipo bedi lawo la basil lili pafupi pomwepo. Ndinawayankha kuti, "Mayi, simukulakwa kuusunga, koma usakhale pamenepa, ndipo usikuwo muzigonabe m'masikito." Camphor payekha ndi malonda. Ku Kenya, alimi oyandikana ndi nkhalango ya Kakamega amalima Ocimum kilimandscharicum, mbale wina wa mpungabwe wodzaza ndi camphor, ndipo mothandizana ndi bungwe lofufuza za tizilombo la icipe amapanga mafuta opaka otchedwa Naturub. Iwo anasankha mtundu umodzi n'kuulima paokha. Mayi aja anavomera kusamutsa bedi, koma mpungabwe wawo anaukaniza, ndipo ine sindinawaumirize.

Za kukonza nazale, manyowa ndi kuthirira sindikambapo, mukuzidziwa. Chofunika tsopano n'chakuti kalabu iliyonse igwirizane ndi wogula za mtundu umene akufuna musanabzale, ndipo mutenge mbewu pamalo amodzi. Rosemary, thyme ndi mint bzalani nthambi kapena mphukira zochokera ku chomera chimodzi chodziwika, chifukwa nthambi imasunga mafuta a make osasintha. Basil nayenso amaphuka mizu mukaika nsonga yake m'madzi. Ngati mukufuna njere, zulani mpungabwe wonse wozungulira bedi usanachite maluwa. Thyolani m'mawa mame atauma, pamene maluwa angoyamba kumene. Musayanike padzuwa pamphasa ya mfutso, mafuta amauluka ndipo masamba amada. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, mopyapyala. Thumba lililonse likhale la mtundu umodzi, lolembedwa dzina la mbewu, la mwini wake ndi tsiku lothyola, ndipo komiti inunkhize thumba lililonse isanaphatikize katundu. Amene muli ndi chomera chimene chikukukayikitsani, dulani nthambi yokhala ndi maluwa, muikulunge m'nyuzipepala, mubwere nayo ku ofesi ya zaulimi tsiku la msika.