Mawaya a Nyumba Yamakono: Yambani Pulasitala Asanalowe

Mwafunsa poyambira poika mawaya a makamera, intaneti ndi magetsi oyatsa pafoni pamene mukukonzanso nyumba.

Choyamba, yendani chipinda ndi chipinda muli ndi choko, mulembe pakhoma pomwe padzakhale kamera, TV ndi maswichi. Kenako sankhani malo amodzi ouma, opita mphepo, pomwe mawaya onse akathere.

Mawaya a intaneti otchedwa Cat6 adutse m'mapaipi akeake, kutali ndi mawaya amagetsi, ndipo waya umodzi usapitirire mamita 100. Makamera a mtundu wotchedwa PoE amalandira moto pawaya wa intaneti womwewo. Wamagetsi mumuuziretu kuti afikitse waya wobweza moto, wotchedwa neutral, paswichi iliyonse. Chonde musaiwale, maswichi ambiri amakono oyatsa pafoni sagwira popanda umenewo.

Musanapake pulasitala, jambulani makoma onse, ndipo m'paipi iliyonse musiyemo chingwe chodzakokera waya wina mtsogolo.