Mmene Tinasungira Insulini ya Mayi Anga pa Sitima Yapamadzi

Mayi anga ali ndi matenda a shuga, ndipo pa ulendo wathu wa pa sitima yochokera ku Durban kupita kugombe la Mozambique tinapeza kuti kafiriji ka m'chipinda chathu sikankazizira mokwanira. Kachipangizo koyezera kutentha kamene ndinanyamula kanasonyeza madigiri 13, pamene insulini yosatsegula imafunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Poyamba ndinaika mankhwalawo m'chidebe cha ayezi, koma ndinawachotsa msanga chifukwa insulini ikaundana imawonongeka. Kuchotsa zakumwa m'kafirijimo nakonso sikunathandize.

Chimene chinatipulumutsa ndi kalata ya dokotala wa mayi, yotchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Nditapita nayo kuchipatala cha m'sitimamo, namwino anavomera kusunga insulini yosatsegulayo m'firiji yawo, atalembapo dzina la mayi ndi nambala ya chipinda. Imene ankabaya tsiku lililonse tinaisunga m'kabati kutali ndi dzuwa, popeza ikatsegulidwa imakhala bwino pafupifupi masiku 28 pamalo osatentha kwambiri. Wosamalira chipinda anatibweretsera kabokosi kotayiramo singano, ndipo pa zonsezi sitinalipire kalikonse.