Mmene mungayezere kulemera kwa magazini ya chemistry musanatumize kafukufuku wanu

Kaya mwamaliza kafukufuku ku MUST kwa Ndata, kaya mwakhala mukuyeza ma theaflavin (makemikolo opezeka mu tiyi) ku malo ofufuzira za tiyi ku Mimosa, chotsala ndi kusankha magazini yoti isindikize ntchito yanu. Ambiri amathamangira nambala ya Impact Factor, yoonetsa kuchuluka kwa mmene mapepala a magaziniyo amatchulidwira ndi ofufuza ena. Ine ndikuti yambani ndi ISSN.

ISSN ndi manambala 8 amene magazini iliyonse imadziwika nawo. Alembeni pa pepala, kenako muwafufuze pa Master Journal List ya kampani ya Clarivate ndi pa tsamba la Sources la Scopus, yomwe ndi mindandanda ya magazini za sayansi zodziwika. Konseko nkwaulere, bandulo yaing'ono ikukwanirani. Magaziniyo ikapanda kupezeka pa Clarivate ilibe Impact Factor, ngakhale tsamba lake litalemba nambala ya zilembo zofiira pamwamba.

Apa ndi pamene ine zinandivuta, ndiye ndichedwapo. Magazini ina inanditumizira imelo yoyamikira pepala langa la polyphenols (makemikolo opezeka m'zomera). Dzina linalipo pa Scopus, ISSN inali yomweyo. Koma tsamba limene ndinatumizako linali la akuba, anangokopera dzina, chikuto ndi ISSN ya magazini yeniyeni. Atandiyankha sabata isanathe kuti alandira pepalalo popanda ndemanga ngakhale imodzi ya oliunika, nkutumiza akaunti yoti ndilipire madola, mtima unandiuza kuti pali chinyengo. Ndiye musadine linki ya mu imelo. Lowani pa tsamba la magaziniyo kudzera pa adiresi yolembedwa pa Clarivate kapena Scopus, muyerekeze chilembo ndi chilembo. Onaninso ngati Scopus sinasiye kuiwerengera, chifukwa ena amapitiriza kudzitama ndi chizindikiro chake atachotsedwa kalekale.

Tsopano nambala zija. Impact Factor inayambitsidwa ndi Eugene Garfield, ndipo yeniyeni imatuluka chaka chilichonse mu Journal Citation Reports, imene inayamba mu 1975. Tiyerekeze kuti magazini inasindikiza mapepala 200 mu 2022 ndi 2023, ndipo mu 2024 ofufuza ena anawatchula ka 600. Gawani 600 ndi 200, mupeza 3, ndiyo Impact Factor yake ya 2024. CiteScore, nambala yofanana nayo ya kampani ya Elsevier, yomwe inayamba mu 2016, imatenga zaka 4, choncho musadabwe ikasiyana ndi inzakeyo.

Nambala payokha siuza zambiri. Chemical Reviews imasindikiza nkhani zounika ntchito za ena, nchifukwa chake nambala yake ili kumwamba kwambiri, ndipo nkulakwa kuiyerekeza ndi magazini ya chemistry ya dothi kapena ya zakudya. Njira yachidule ndi tsamba la SCImago losanja magazini, laulerenso. Lembani dzina, muone ngati magaziniyo ili mu Q1, Q2, Q3 kapena Q4 m'gulu lake lomwe (Q1 ndi gawo lapamwamba, Q4 lotsika kwambiri). Wa tiyi ayang'ane gulu la Food Science, komwe kuli Food Chemistry. Kwa wongoyamba, Q3 yoona ndi yabwino kuposa Q1 yabodza.

Za ndalama, magazini zina zowerengedwa mwaulere zimalipiritsa olemba madola masauzande, koma ofalitsa ambiri akuluakulu amakhululukira olemba a m'mayiko ngati Malawi. Pemphani musanatumize, osati atalandira kale. Ngati magaziniyo ndi yowerengedwa mwaulere, onani ngati ilipo pa DOAJ, mndandanda wa magazini zotere, werengani mapepala ake awiri atatu aposachedwa, muonetse supavaiza wanu, kenako tumizani.