Kukulitsa malo pa seva ya RAID 1 osataya mafayilo

Madisiki awiri a 1 TB adzaza, mwagula awiri a 4 TB, ndipo abwana akufuna kuti pofika Lolemba malo akhale atakula. Pa RAID 1, madisiki awiri amasunga zinthu zofanana ndendende, kuti imodzi ikafa inayo ipitirize. Ntchito yotere ndimaigwira pa ma seva a Linux m'maofesi a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, ndipo chimene chimapulumutsa mafayilo ndi kutsata ndondomeko. Sinthani disiki imodziimodzi, ndipo pokulitsa muyambire pansi: partition (gawo la disiki) kaye, kenako /dev/md0 (dzina lomwe Linux imapatsa RAID-yo), kenako LVM (pulogalamu yogawa malo m'ma volume) ngati ilipo, filesystem (dongosolo losungira mafayilo) pomaliza.

Musanamasule sikuluu ngakhale imodzi, kopani zonse zofunika pa disiki yakunja ndipo muizule pa sevayo. RAID 1 si backup. Mukafufuta fayilo molakwika, imafufutika pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo. Lembaninso sfdisk -d /dev/sda > sda.txt kuti musunge mmene ma partition anagawidwira, fayiloyo muiike pa laputopu yanu.

Tsopano onani cat /proc/mdstat. Mukufuna kuona [UU], kutanthauza kuti madisiki onse awiri akugwira ntchito. Mukapeza [U_], ndiye kuti disiki imodzi inatuluka kale popanda wodziwa, ndipo vuto limenelo ndi loyamba kuthana nalo. Apa ndi pomwe ine ndimachedwa dala. Mukachotsa disiki imodzi, yotsalayo iwerengedwa yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngakhale malo amene sanakhudzidwe kwa zaka. Ngati pali sector (kachigawo kakang'ono ka disiki) yowonongeka, idzaonekera nthawi imeneyo, mnzake atachoka kale. Choncho tsiku limodzi ntchito isanayambe lembani echo check > /sys/block/md0/md/sync_action, muisiye imalize madisiki onse akadali m'kati, ndipo muone smartctl -a pa iliyonse. Disiki yomwe ikuonetsa ma sector a pending, omwe akulephera kuwerengeka, ndiyo iyambe kuchotsedwa.

Mayina a sda ndi sdb musawakhulupirire, amatha kusinthana seva ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Gwiritsani ntchito lsblk -o NAME,SIZE,SERIAL, mulembe serial papepala, muifananitse ndi yomwe ili pa sitika ya disikiyo musanaizule.

Kuchotsa yakale n'kosavuta: mdadm /dev/md0 --fail /dev/sdb2, kenako mdadm /dev/md0 --remove /dev/sdb2. Ngati disikiyo ili ndi ma partition ena a RAID, monga a /boot, chitani chimodzimodzi kwa onse. Zimitsani seva, ikani ya 4 TB.

Disiki yatsopanoyi igaweni ndi njira ya GPT, chifukwa njira yakale ya MBR siipitirira 2 TiB pa madisiki a ma sector a 512 bytes. Ngati seva ndi yakale ndipo imayaka ndi BIOS osati UEFI, siyani kagawo ka 1 MiB ka mtundu wa ef02 kuti GRUB, pulogalamu yoyatsa Linux, ipeze pokhala. Partition ya RAID muipange yaikulu, koma musiye malo pang'ono kumapeto, poti madisiki a makampani osiyana amatha kusiyana pang'ono kukula ngakhale onse alembedwa 4 TB. Kenako mdadm /dev/md0 --add /dev/sdb2, ndipo watch cat /proc/mdstat ikuonetsani mmene kukopa kukuyendera.

Kukopa 1 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi kumatenga pafupifupi maola awiri, ndipo nthawi yonseyi mafayilo a ofesi ali pa disiki imodzi yokha. Kuno magetsi timawadziwa. Yesani batire ya UPS musanayambe, funsani ngati jenereta ili ndi mafuta, ndipo musankhe Loweruka pamene a ku akawunti sali pa sisitimu. Zikafika pa [UU], lembani grub-install /dev/sdb. Ambiri amaiwala sitepe imeneyi, n'kuzula disiki yachiwiri, seva n'kukana kuyaka. Mukatero bwerezani zonsezi pa disiki inayo.

Onse awiri akakhala atsopano, /dev/md0 imakhala ikadali 1 TB mpaka mutaiuza: mdadm --grow /dev/md0 --size=max. Ikadandaula za bitmap, kaundula wa malo omwe sanafanane pa madisikiwo, ichotseni ndi --bitmap=none, mukulitse, muibwezeretse ndi --bitmap=internal. Malo atsopanowo nawonso amafunika maola angapo kuti afanane pa madisiki onse, ndipo ine ndimadikira amalize. Pa LVM, lembani pvresize /dev/md0, kenako lvextend -r -L +1T ndi dzina la volume yanu. Chilembo cha -r chimakulitsa filesystem nthawi yomweyo. Musagawe malo onse lero, otsalawo adzathandiza pa snapshot, chithunzi cha mmene volume ilili pa nthawi inayake. Popanda LVM, ext4 imakula ndi resize2fs /dev/md0, XFS ndi xfs_growfs, seva ili chiyakire.

Kuchepetsa ndi nkhani ina, ndipo ndondomeko imatembenuka: filesystem kaye, partition pomaliza. Pa ext4 muyenera kuchita umount, kenako e2fsck -f, n'kuichepetsa kupitirira pang'ono pomwe mukufuna, kuti zapansi zikachepa musadule mafayilo. Mukamaliza muikulitsenso idzaze malowo. XFS musavutike kuyesa kuichepetsa, njira yake ndi kukopa zonse, kupanga filesystem ina ndi kubwezeretsa.

Pomaliza onani df -h ndi mdadm --detail /dev/md0, muzimitse seva n'kuiyatsanso muli pomwepo. Madisiki akale aja muwalembe deti, muwatsekere m'kabati kwa mwezi umodzi musanawafufute.