Guluu wa kumchira ndiye akugwetsa ndege zathu chilimwe chino

Loweruka lapitali, pa mpikisano wa kalabu yathu ya ndege zazing'ono zoulutsa ndi rimoti kuno ku England, ndinaona Fw 190 (yofanizira ndege yankhondo ya ku Germany) ya mnyamata wina ikugwa popanda woikhudza. Atangoimba wezulo mnyamatayo anathamanga bwinobwino, helimeti ili kumutu, n'kuiponya m'mwamba ndege yake. Inakwera mwachangu ngati kamtema. Koma itafika pokhota koyamba, pamene amafuna kulowa kumbuyo kwa Spitfire (yofanizira ya ku Britain) ya mnzake, phiko lakumanzere linangoti lende, ndege inagona chagada, kuzungulira kawiri, kenako phu! m'munda wa tirigu. Liboni imene imakoka kumchira, yomwe anzake amafuna kudula, inali idakali yathunthu. Sanathe ngakhale masekondi 40 m'mwamba.

Pobwera nayo anali akudandaula kuti rimoti yamutaya, mawu omwe ndawamva kambirimbiri chaka chino. Ndinamupempha kuti ndiigwire ndegeyo. Kumchira kunali epoxy, guluu wolimba uja, wokhuthala ngati phala la m'mawa, magawo atatu osanjikizana, pamwamba pake tepi, m'kati kamtengo kolimbitsira. Nditafunsa kuti anaiyeza liti komaliza, anati tsiku limene anamaliza kuimanga, m'mwezi wa March. Chiyezereni tsiku limenelo mchira wathyoka katatu, ndipo katatu konseko waumata n'kupita nayo kubwalo osaiyezanso.

Imeneyi ndi ndege yachisanu kugwa mwa njira yomweyi pabwalo lathu kuyambira May, ndipo ndatopa nako kumva anthu akunamizira rimoti, mphepo ndi batire.

Masewerawa ngothyola ndege, zimenezo palibe wotsutsa. Ife timatsata malamulo omenyanitsira ndege zazing'ono otchedwa ACES, omwe amagwiritsidwanso ntchito ku Sweden, Germany, Czech Republic ndi mayiko ena a ku Ulaya. Ndege zake ndi zofanizira zankhondo za pakati pa 1935 ndi 1945, zochepetsedwa ka 12, ndiye kuti Spitfire imene mapiko ake enieni amapitirira pang'ono mamita 11 imatsala ndi masentimita 94. Iliyonse imakoka liboni ya pepala yotalika mamita 12, zimauluka mpaka 7 nthawi imodzi kwa mphindi 7, ndipo wodula liboni ya mnzake amapata mapointi 100. Ndege 7 zikamathamangitsana pakamalo kamodzi kugundana n'kosapeweka. Choncho aliyense amabwera ndi guluu m'thumba, ndipo kumata pakati pa ndime ndi gawo la masewerawo. Kumatako sindikuletsa ayi. Ndikudandaula zimene mumasiya kuchita mukamata.

Mayi akamasenza mtolo wa nkhuni sauika pamutu chisawawa. Amausuntha kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka apeze pamene ukhazikika wokha. Ndege ilinso ndi malo otero, amene pabwalo timangoti CG, ndipo pa ndege zathuzi amayenera kukhala cha pa gawo limodzi mwa magawo anayi a phiko, kuyeza kuchokera kutsogolo kwake. Wina akawonjezera chikuni kumbuyo kwa mtolo, mayi uja amausunthanso. Inu mukawonjezera guluu kumchira simusuntha kanthu.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti ena mumati guluu salemera. Titenge ndege ya magalamu 800. Kuchokera pa CG kukafika kumchira pali masentimita 45, kuchokera pa CG kukafika pamphuno pali 15 okha. Mwamata katatu, ulendo uliwonse magalamu 5 a epoxy ndi tepi, onse pamodzi magalamu 15. Pa sikelo sizioneka ngati kanthu. Koma magalamu 15 amenewo, chifukwa chokhala kutali chonchi, amakokera CG kumbuyo mamilimita 8. Phiko la ndege yotereyi m'lifupi mwake ndi masentimita 16 kapena 17 basi, ndiye mamilimita 8 ndi pafupifupi 5 peresenti ya phiko lonse. Ndege imene munaimanga CG ili pa 25 peresenti ya phiko tsopano ili pa 30, ndipo ngati poyamba munaiika pa 30 pofuna kuti izikhota msanga, yafika pa 35, pamene ambiri mwa inu simungaigwire. Kuti mubwezeretse mufunika magalamu 45 pamphuno, katatu kuposa guluu uja. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndege zankhondo zimavutika kwambiri ndi zimenezi kuposa ndege zophunzirira, ndipo chifukwa chake chili m'mapangidwe a ndege zenizenizo. Fw 190 yeniyeni inkanyamula injini ya BMW 801 yolemera kupitirira tani imodzi. Injini yolemera chonchi sinafunike kuikidwa kutali ndi phiko, n'chifukwa chake mphuno yake ndi yaifupi. Zero ya ku Japan ndi I-16 ya ku Russia n'chimodzimodzi. Ife timatengera maonekedwe omwewo, mphuno yaifupi yomweyo, koma m'malo mwa chitsulo cha tani timaikamo kamota kopepuka. Ndege zimenezi zimabadwa kale zolemera kumbuyo. Amene chaka chino mwachotsa injini za mafuta n'kuikamo mota za batire, vuto lanu lawirikiza, pakuti chitsulo chimene chinkakuthandizani kutsogolo mwachichotsa nokha.

Ndege yolemera kumchira imanyenga. Ikamauluka molunjika imaoneka yamoyo, yomvera, ukangokhudza kamtengo ka rimoti yatembenuka kale. Mnyamata amasangalala, amati lero ndiwadula onse. Vuto limadza pokhota. Ndege ikapendekeka madigiri 60 osatsika, mapiko amasenza kulemera kwake kawiri, ndipo liwiro limene imalekera kugwira mpweya limakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Pomenyana timapendekeka kuposa pamenepo. Ukakoka elevator, kachipsepse ka kumchira kodzutsa ndi kuweramitsa mphuno, ndege yolemera bwino imakana pang'ono, imafuna kubwerera, ndipo dzanja limamva. Yolemera kumchira imangopitiriza kudzutsa mphuno yokha kupitirira pamene unafuna, mpweya n'kuthawa kunsonga kwa phiko limodzi, ndege n'kugudubuzika. Pa mamita 15 kuchokera pansi palibe nthawi yoiwongola.

Ngakhale oyendetsa ndege zenizeni anakumana nazo. P-51 Mustang ya ku America, kuti izitha kuperekeza ndege zoponya mabomba mpaka m'kati mwa Germany, anaiwonjezera thanki ya mafuta ya malita pafupifupi 320 kumbuyo kwa mpando wa woyendetsa. Thankiyo ikadzaza, ndege inkalemera kumbuyo ndipo pokhota inkafuna kudzipinda yokha, moti oyendetsa ankalangizidwa kuti asachite nayo zamphamvu mpaka mafuta a m'thankiyo atachepa. Amenewo anali anthu ophunzitsidwa, okhala m'kati mwa ndege, omva kugwedezeka kwake m'thupi. Inu muli pansi, mukuiona patali pakati pa ndege zina 6, ndiye mukuganiza kuti zala zanu zidzakonza zimene iwo ankaopa?

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chizolowezi cha akuluakulu ena a m'kalabu, poti achinyamata amaonera kwa iwo. Munthu wamata mchira, wanyamula ndege ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, waigwedeza kamodzi mphepo ikuwomba, n'kunena kuti ili bwino. Chala cha munthu wamkulu m'lifupi mwake chimapitirira mamilimita 15. Mungapeze bwanji mamilimita 8 ndi chinthu choposa pamenepo kawiri? Ena amati tikaikonzera m'mwamba ndi trim, kabatani ka pa rimoti kosunthira elevator pang'ono. Trim imangoweramitsa mphuno pa liwiro limodzi, kulemera kuli pomwe kunali. Mukaona kuti elevator yanu tsopano ikukhala yoweramira pansi kuti ndege iuluke molunjika, pamene mwezi watha inali yowongoka, ndegeyo yakuuzani kale, inu ndi amene simukumva. Enanso masiku ano amachepetsa kayendedwe ka elevator pa rimoti, kuwonjezera expo (yochititsa kuti ndege isamve msanga ukangokhudza kamtengo), n'kumati athana nazo. Kumeneko n'kuphimba chilonda ndi nsalu mafinya ali m'kati. Ndipo mawu akuti ndakhala ndikuuluka chonchi zaka 20 sindifunanso kuwamva. Zaka 20 zapitazo munali ndi injini yolemera pamphuno imene inkakubisirani zolakwa zanu.

Bwalo lathuli timachita lendi kwa mlimi wina wachikulire, mwini wa munda wa tirigu umene Fw 190 ija inagweramo. Madzulo ake anabwera pa thalakitala atanyamula chidutswa cha pulopela ndi batire limene anatola m'munda wa balere sabata yathayo. Sanakalipe. Anangoti makina okololera akameza batire lotereli m'phesi louma, moto wake sudzazimitsidwa ndi kupepesa. Ananena zoona, batire la ndegezi, la mtundu wa LiPo, likabooka limayaka. Nditawafotokozera chimene chikugwetsa ndegezi, anapukusa mutu n'kundiuza za mwana wawo. Akuti chaka china mnyamatayo anapakira matumba a feteleza m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, onse kumbuyo kwa matayala, pofuna kuti asavutike potsitsa. Pang'onopang'ono ngolo inkayenda bwino. Atangowonjezera liwiro potsetsereka, inayamba kuvina uku ndi uku mpaka inagwetsera galimoto m'ngalande. Katundu sanapitirire muyezo, anangokhala polakwika. Pamene bambowo amalankhula, ine maganizo anali kwathu, pa ngolo ya ng'ombe ya amalume. Tikaunjika chimanga kumbuyo, goli linkanyamuka n'kumakoka ng'ombe kukhosi, ndipo amalume sankalola kuti tinyamuke mpaka titasuntha matumba. Mlimi wa kuno ndi mlimi wa kwathu onse akudziwa chinthu chimene ife omanga ndege tikuchinyozera. Asanachoke anatikumbutsa kuti pangano la lendi likuonedwanso ikatha nyengo yokolola.

Ndiye onani zimene tikutaya. Fomu imene timasemera ndegezi ndi yotsika mtengo, palibe amene amalira fomu. Koma ndege ikagwa chamutu, mota imapindika shafti, magiya a servo (kamota kosuntha zipsepse) amasweka, batire limatupa ndipo limenelo ndi lotaya basi. Madzulo asanu kapena asanu ndi limodzi amene munakhala mukusema ndi kupenta apita. Mapointi nawonso: nthawi youluka yokha imapatsa pointi imodzi pa masekondi atatu alionse, ndiye wongouluka mphindi zonse 7 osadula aliyense amatuluka ndi pafupifupi 140, kuwonjezera 50 ngati wasunga liboni yake. Mnyamata wa Fw 190 uja pa nthawi youluka anangopata 13. Choopsa kuposa zonsezi, ndege imene yagudubuzika sisankha kogwera. Mu June ina inadutsa mzere wa chitetezo n'kugwa mamita ochepa kuchokera pamene panakhala mayi wina ndi mwana. Helimeti timavala ndife ouluka, oonerera alibe. Tsiku limene idzagwere munthu, kapena moto udzabuke m'munda muja, kalabu yatha, ndipo kupeza mlimi wina wolola ndege zankhondo pafupi ndi mbewu zake si chinthu chapafupi.

Za kuyesa rimoti patali, kulunjika kwa ma servo ndi kumanga liboni sindinenapo, nonse mukuzidziwa. Za CG chitani izi. Ndege ikakhala yatsopano ndipo ikuuluka bwino, lembani timizere tiwiri pa phiko ndi cholembera chosafufutika, kapena matanipo timitu ta mapini kuti muzitimva ndi chala. Khomani timitengo tiwiri tosongoka pa thabwa, kapena mapensulo awiri, muzisiya m'galimoto. Mukamata chilichonse, ngakhale kachigamba, ikani ndege pamenepo kumene kulibe mphepo, batire lili m'kati. Za mapiko apansi monga Spitfire ndi Mustang zimayezeka bwino chagada. Ya injini ya mafuta muziyeza thanki ilibe kanthu. Ikagwera kumchira, yambani mwasuntha batire kutsogolo musanaganize za mtovu, ndipo mulimange kuti lisabwerere poiponya. Mtovu ukafunika, muumate kutsogolo kwenikweni. Guluu wakale muzimupala musanaike watsopano, ndipo kumchira gwiritsani ntchito wopepuka, epoxy musiyire pa mota. Mchira umene wathyoka kachitatu dulani, semani wina, ndi ntchito ya ola limodzi. Mukafuna kutsimikiza m'mwamba, kwerani patali, chepetsani mphamvu, weramitsani mphuno madigiri 45 n'kusiya kamtengo: ikadzuka yokha pang'onopang'ono ili bwino, ikapitiriza kuweramira pansi terani nayo msanga mukaikonze.

Loweruka likubwerali thabwa langa la mapensulo lidzakhala pa tebulo lolembetsera, ndipo ndege iliyonse yokhala ndi guluu watsopano idzadutsa pamenepo isanapatsidwe liboni.