Kamasewera ka mu browser kakakana kumva kiyibodi

Ngati kapulogalamu kanu kakuoneka bwinobwino pa sikirini koma mukadina mabatani sikakusuntha, yambani mwafufuza focus. Browser imapereka batani lililonse lodinidwa kwa chinthu chimodzi chokha pa tsamba, chimene chili ndi focus nthawi imeneyo. Ana amene ndimawaphunzitsa kuno ku Nchalo amakodwa pamenepa kawirikawiri ndi kamasewera kawo ka bwato lozemba mvuu mu Shire.

Canvas, malo a pa tsamba amene masewera amajambulidwapo, payokha silandira focus. Ilembereni tabindex="0", kenako itanani canvas.focus() tsamba likatseguka, komanso munthu akadinapo ndi mbewa. Amene munaphunzira pa Java applet (timapulogalamu takale ta Java toyenda mu browser) mukukumbukira setFocusable(true) ndi requestFocusInWindow(). Nzeru yake ndi yomweyo, koma applet musatayirepo nthawi: Chrome inasiya kuiyendetsa mu 2015.

Mverani keydown ndi keyup, mauthenga amene browser imatumiza batani likadinidwa komanso likasiyidwa. Poyendetsa bwato gwiritsani event.code, chifukwa imanena malo a batani, monga KeyW kapena ArrowLeft, pomwe event.key imanena chilembo chotuluka. Mabatani a mivi ndi Space zimatsetsereza tsamba lonse, choncho pa mabatani amenewa itanani preventDefault() kuti tsamba lisasunthe. Tab yekha musamutseke ayi. Alipo anthu osaona bwino amene amayenda pa tsamba ndi Tab basi, ndipo mukawatsekera mu canvas alibe potulukira.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi blur, uthenga umene umabwera focus ikachoka. Mwana wagwira muvi wakumanzere, mnzake wadina windo lina. Akachotsa chala, keyup imapita kwina, pulogalamu yanu osaimva. Pobwerera apeza bwato likungokhotera kumanzere mpaka kukagunda gombe, palibe amene wakhudza kiyibodi, ndipo amayamba kunena kuti kompyuta yapenga ndi kutentha. Sungani mabatani odinidwa mu Set (mndandanda wa mu JavaScript wosabwereza chinthu kawiri), keydown iziwonjezera, keyup izichotsa, ndipo blur ikachitika itanani clear() n'kuimitsa masewerawo. Lembaninso pa sikirini kuti "Dinani apa kuti mupitirize", munthu adziwe kuti focus yachoka.

Pomaliza yesani pa foni, poti ambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje intaneti amaionera pamenepo. Kiyibodi ya foni situluka pa canvas ndipo kawirikawiri ilibe mivi. Jambulani mabatani akuluakulu oti chala chigunde, muwalumikize ku pointerdown ndi pointerup, azilemba mu Set yomwe ija.